Sola ndi mphepo pa shopu yowotcherera kumudzi: ndilipire kapena ndidikire?

Bambo a Tadala (Dowa): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Ndimawotcherera pa kamsika kena kuno ku Dowa. Mapolo a ESCOM anathera kutali, ndipo za MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, timangomva kuti gawo likubwerali tilimo. Ndimadalira jenereta ya petulo, koma mukudziwa nokha mmene mafuta amavutira. Nthawi zina chitseko cha kasitomala ndimachisiya chili theka n'kukwera kabaza kukasaka mafuta kwa mavenda. Soya ndagulitsa, kandalama kalipo. Wina m'tauni akufuna andigulitse turbine ya mphepo yolembedwa 1000W, panelo imodzi ya 550W, mabatire awiri a 100Ah ndi inveta ya 3000W ya 12V. Akuti shopu ndi nyumba zonse ziziyaka usana ndi usiku. Ndilipire?

Ankolo a ku Nyanja (Nkhotakota): Tengani turbine imeneyo achimwene. Dzuwa limalowa, mphepo siigona.

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Musalipire kaye bambo. Ndiyankheni izi. Makina anu owotcherera ndi ati, olemera aja a transifoma kapena ang'onoang'ono a inveta onyamula paphewa? Mumawotcha ma rod a saizi yanji? Grinder ndi yaikulu kapena yaing'ono? Nanga kunyumba mukufuna kuyatsa chiyani?

Bambo a Tadala (Dowa): Makina ndi a transifoma, okulunga pamanja aja, ali m'bokosi la matabwa. Ma rod kwambiri ndi 2.5, koma ndikamakonza ngolo ndimaika 3.2. Grinder ndi yaing'ono ya 115. Kunyumba mababu 5, TV, wailesi, mafoni. Mayi a kunyumba akufunanso filiji, koma imeneyo ndi nkhani ina kkkk.

Mayi a Chifundo (Thyolo): Si nkhani ina ayi bambo. Filijiyo ilowe m'masamu pompano. Ikadzabwera mochedwa mudzapeza zonse munagulazo zachepa, ndipo mlandu udzakhala wa mayiwo. Koma mwachita bwino kubwera musanalipire, safunsa anadya phula.

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Tiyambe ndi kunyumba poti n'kosavuta. Mababu 5 a LED a 5W kuyaka maola 5 ndi 125Wh. TV ya 50W maola 4 ndi 200Wh. Mafoni ndi wailesi tiike 100Wh. Zonsezi sizikufika theka la yuniti, paja yuniti imene anzathu a pa mita amagula ija ndi 1000Wh. Filiji yaing'ono yamakono imadya pafupifupi yuniti imodzi pa tsiku, kutengera kutentha kwa dera ndi mmene mukuitsegulira. Ndiye nyumba yonse ndi filiji yomwe tinene yuniti imodzi ndi theka. Panelo ya 550W, ngati ilidi 550W, ikhoza kukwanitsa zimenezi. Kuno timawerengera maola 5 a dzuwa lamphamvu pa tsiku, ndipo mukachotsa zotayika m'mawaya, m'kontirola ndi m'kutentha, mumatsala ndi mayuniti 2.

Ku shopu ndiye kuli nkhani. Rod ya 2.5 imafuna ma amp 80 mpaka 90 pa moto paja. Makina a inveta akamatulutsa amenewo amakoka pafupifupi 2500W. A transifoma okulunga pamanja amakoka kuposa apo, ndipo rod ikamata pa chitsulo amakoka mopitirira muyeso. Tsopano 3000W kuchokera pa 12V ndi ma amp oposa 250. Mabatire awiri a 100Ah sangapirire zimenezo. Voteji igwa, inveta ilira pii pii n'kuzima, inu chigoba chili kumaso simunalumikize n'komwe. Zimene akukugulitsanizo ndi zida za nyumba, osati za shopu.

Bambo a Tadala (Dowa): Aaa. Komatu anandionetsa akuyatsa grinder pomwepo.

Makaniko wa ku Mchesi: Grinder yongozungulira m'malere ngakhale kabatire ka njinga yamoto kakhoza kuyesako kkkk. Mukanawauza adule angle iron muone.

Achimwene a ku Joni: Madala, kuno nthawi ya load shedding tinaphunzira mokakamizidwa. Aliyense amene amafuna kuyendetsa zida zolemera anathera pa chinthu chimodzi, inveta ya 5kW ya 48V ndi batire ya lithium ya 5kWh. Za 12V zimenezo ndi za TV ndi WiFi basi. Magetsi atasiya kuzimazima mu 2024 mitengo ya zidazi inatsika ndithu, anthu ambiri akutumiza kumudzi pa mabasi ndi pa mathiraki.

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Zoona achimwene. Chifukwa chake ndi masamu omwe aja. 3000W pa 48V ndi ma amp osafika 70, waya wake ndi wopezeka ndipo satentha. Koma za kutumiza kuchokera ku Joni ndichenjezeko. Batire ya lithium ili ndi kabolodi mkati kotchedwa BMS, kamene kamayang'anira maselo. Kakafa, batire yonse imangokhala chete ngakhale maselo ali bwinobwino. Mukagula ku Johannesburg, waranti muikaitsatira ku Johannesburg komweko. Ndiye kutchipako muziyeza pamodzi ndi ulendo wobwerera.

Ankolo a ku Nyanja (Nkhotakota): Nonse mukungokamba za dzuwa. Za mphepo bwanji simukuyankha? Usiku mapanelo anuwo amagona, turbine imakhala ikutchaja.

Aphunzitsi a Sayansi (Kasungu): Ankolo dikirani, nkhani ya mphepo ndiyankhe ine. Bambo a Tadala, mapiko a turbine mwaionayo ndi aatali bwanji?

Bambo a Tadala (Dowa): Phiko lililonse ngati masentimita 70 kapena 75. Alipo 5.

Aphunzitsi a Sayansi (Kasungu): Ndiye ikamazungulira imajambula bwalo la mita imodzi ndi theka kuchokera uku kufika uko. Mphepo imene ingagwire ndi yodutsa m'bwalo limenelo basi, kuchuluka kwa mapiko sikuwonjezera bwalolo. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene ogulitsa satchula, mphamvu ya mu mphepo siyendera limodzi ndi liwiro mofanana. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza ka 8. Likatsika ndi theka, mwatsala ndi gawo limodzi mwa magawo 8. Nambala ya pa katoni amaiyeza pa mphepo ya mamita 11 kapena 12 pa sekondi, amene ndi makilomita 40 pa ola kapena kuposerapo. Imeneyo ndi mphepo yoti chipewa chauluka ndipo amayi akuthamangira kukaanula ufa.

Tiwerenge. Pa mamita 12 pa sekondi, mphepo yonse yodutsa m'bwalo la mita imodzi ndi theka ili ndi mphamvu ya pafupifupi 1700W kuno kumtunda. Palibe turbine padziko lapansi imene ingatenge zoposa 59 peresenti ya mphamvu imeneyo, ndi malire amene anapeza Albert Betz kalekale, ndipo tating'onoting'onoti timathera pa 30 kapena 35 peresenti. Ndiye ngakhale pa mphepo yamkunthoyo ikupatsani 600W, osati 1000W. Pa kamphepo ka masiku onse ka mamita 4 pa sekondi, kogwedeza masamba ndi tinthambi, ikupatsani 20W. Mababu anu 4. Izungulire tsiku lonse ndi usiku womwe, mwina mupeza theka la yuniti. Panelo ija ikupatsani mayuniti 2 popanda chozungulira chilichonse.

Ankolo a ku Nyanja (Nkhotakota): Aphunzitsi inu simunaone mwera. Bwerani kuno mu June kapena July. Asodzi amakhala pagombe osalowa m'madzi, mabwato amagubuduzika. Mukuti imeneyo ndi 20W?

Aphunzitsi a Sayansi (Kasungu): Pamenepo sinditsutsa ankolo. Mwera ndi mphepo yeniyeni, imachokera kummwera n'kuyenda pamwamba pa madzi popanda choitchinga, ndipo imabwera nyengo yozizira pamene dzuwa lafookako. M'mbali mwa nyanja ndi pamwamba pa zitunda zopanda mitengo turbine ikhoza kuthandizana ndi mapanelo. Koma a Tadala ali pa msika, pali nyumba, pali mitengo ya mango ndi ya bulugama. Komanso mwera ukatha mu August, miyezi yotsalayo mudalira mpoto ndi vuma zimene sizikhazikika chimodzimodzi. Munthu asagule turbine chifukwa cha mphepo imene amaikumbukira. Timakumbukira tsiku limene denga linasasuka, masiku abata timawaiwala. Pa intaneti pali mapu aulere otchedwa Global Wind Atlas, mukhoza kuloza mudzi wanu n'kuona liwiro la mphepo pa chaka. Ngati pa msinkhu umene muike turbine likuchepera mamita 5 pa sekondi, ndalamayo gulirani mapanelo.

Mnyamata wa Barbershop (Nsanje): Nanga Kamkwamba uja si wa kwanu ku Kasungu komweko aphunzitsi? Iye zinatheka bwanji?

Aphunzitsi a Sayansi (Kasungu): Wa kuno ndithu, ku Wimbe. William Kamkwamba ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa cha njala ija ya 2001 mpaka 2002, anamanga makina ake ndi dayinamo ya njinga, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugama. Zinathekadi, ndipo ndimawauza ana m'kalasi chaka chilichonse. Koma onani zimene anayatsa, mababu ochepa ndi wailesi. Sanawotcherere ngolo. Ndipo pofuna kupopa madzi akumwa m'mudzi mwawo pambuyo pake, pampu inali ya sola. Iye anagwiritsa zimene zinali pa dzala chifukwa panelo sakanaikwanitsa nthawi imeneyo. Lero panelo ndi chinthu chotchipa kwambiri pa zida zonsezi.

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Ndiwonjezere za ntchito ya manja, poti masamu aphunzitsi amaliza. Turbine siikidwa pa denga. Imanjenjemeretsa nyumba, misomali ya malata imasukusa, usiku simugona ndi phokoso, komanso mphepo ya pa denga ndi yosokonezeka, imangozungulirazungulira. Imafuna mlongoti woti ipitirire mitengo ndi nyumba zoyandikana ndi mamita 9 kapena 10, wokhala ndi mawaya oukoka mbali zonse ndi simenti pansi. Mlongotiwo nthawi zambiri umadula kuposa turbine. Imafunanso kontirola yakeyake yokhala ndi potayira mphamvu. Panelo batire ikadzadza mumangoidula, siidandaula. Turbine mukaidula mphepo ikuomba imathamanga yopanda katundu mpaka mapiko kuthothoka. Kenako mabering'i amatha, ndipo wina akwere kapena mlongoti utsitsidwe. Nanga mphezi, chitsulo chachitali kuposa zonse m'mudzi?

Ankolo a ku Nyanja (Nkhotakota): Ine ndidzaikabe yanga. Mudzabwera kudzatchaja mafoni kwathu.

Agogo Opuma pa Ntchito (Mzimba): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zosakaniza dzuwa ndi mphepozi si zachilendo m'dziko muno. Boma linaikapo zida zotere m'midzi ingapo zaka zapitazo, kuno ku Mzimba kunali ku Elunyeni, kwa Mayi a Chifundo uko kunali ku Kadzuwa. Anthu anasangalala, magetsi anayaka. Chimene chinagwetsa ntchito zoterezi si dzuwa kapena mphepo, koma mabatire. Atatopa panalibe thumba logulira ena. Yerekezani ndi ku Sitolo ku Mchinji kumene kuli sola ya 80kW, kapena ku Bondo ku Mulanje kumene a MEGA amapukusa magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya. Kumeneko anthu amagula mayuniti, ndalama yokonzera imapezeka. Bambo a Tadala, inu mukhala ESCOM ya inu nokha. Tsiku limene muyatse, muyambenso kusunga ya batire ina.

Mayi a Chifundo (Thyolo): Agogo anena zoona. Ine ndili ndi kagolosale, ndimagulitsa mafilizesi ndi zoziziritsa kukhosi. Vuto langa ndi chiperoni. Chikabwera mu June ndi July, mitambo imatsika mpaka m'minda ya tiyi, kamvula kowaza osaleka, dzuwa osalionako masiku angapo. Filiji imayamba kulira usiku, m'mawa mafilizesi asungunuka. Amisiri, pamenepa ndiwonjezere mabatire kapena nditani? Ndinayamba kuganiza za mphepo yomweyi.

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Mayi, wonjezerani mapanelo, osati mabatire. Kukachita mitambo panelo siifa, imapereka gawo limodzi mwa magawo 10, nthawi zina mpaka kotala ya mphamvu yake. Ndiye mukakhala ndi mapanelo ochuluka, ngakhale pa chiperoni mumatolera kokwanira filiji. Mukawonjezera mabatire mapanelo ali omwewo, mabatirewo sadzadza, ndipo batire ya asidi ikamakhala yosadzadza masiku ambiri mapuleti ake amachita chikanga choyera chija n'kufa msanga. Anthu ambiri amene amati batire yanga inali yabodza, batireyo inafa ndi njala. Ife kuno ku Mzuzu mitambo timaidziwa, sitisiyana kwenikweni ndi ku Thyolo. Chinanso, dzazani mabotolo a madzi pansi pa filiji aume masana dzuwa lilipo. Usiku madzi oumawo agwira kuzizira, kompuresa ipumako.

Mnyamata wa Barbershop (Nsanje): Ife kuno dzuwa ndiye la mnanu, koma mabatire satha chaka. Ndagula ya galimoto, yafa. Ndagula yolembedwa solar, yafanso. Makina ometera ndi kawailesi basi, ndi kutchajitsa mafoni.

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Batire umaiika pati mphwanga?

Mnyamata wa Barbershop (Nsanje): Pa shelefu m'mwamba, pafupi ndi malata, kuopa ana.

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Ndi pamenepo. Batire ya asidi imakonda madigiri 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wake umadulidwa pakati. Pansi pa malata ku Nsanje mu October ukudziwa wekha mmene pamakhalira. Itsitse pansi, pa thabwa, pakona yozizira yopita mphepo, uitchinge ndi kabokosi koboola. Ya galimoto usagulenso, inapangidwa kuti ilize injini masekondi ochepa n'kudzadzanso pomwepo, mapuleti ake ndi opyapyala. Ndipo ya asidi iliyonse usaimwe kupitirira theka. Ya 100Ah pa 12V ndi 1200Wh pa pepala, koma zako ndi 600Wh. Ngati ili yotsegula pamwamba, uziona madzi mwezi ndi mwezi, uzithira madzi a batire ogula aja, osati a pa mjigo, osatinso asidi.

Makaniko wa ku Mchesi: Ine ndinene zosakomera anthu a sola. Achimwene a Tadala, ndalama ya soya siingagule zimene akukambazi. Inveta ya 5kW, lithium, mapanelo, zonsezi zimabwera ndi madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya m'mashopu inatsatira. Sungani jenereta yanu. Gulani kasola ka nyumba, mayi apeze filiji yawo, shopu iziyenda ndi petulo. Kapena chitani zimene timachita tikafera m'tchire, mabatire atatu a galimoto kulumikiza mondondozana, 36V, rod imayaka bwinobwino.

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Za mabatire atatuzo ndi zopulumukira thiraki ikathyoka chitsulo pakati pa Chikangawa, osati za tsiku ndi tsiku. Palibe chochepetsa ma amp, mabatire amawira, amatulutsa mpweya wa hydrogen, inu muli ndi moto pambali. Batire ikaphulika asidi amapita kumaso. Chonde a Tadala musayese.

Koma pa za ndalama a Makaniko sakunama, ndipo jenereta musagulitse. Kusiyana kwathu n'kwakuti ine ndikuona kuti shopu yowotcherera ndi imene imayenerana ndi sola kuposa nyumba. Nyumba imafuna magetsi usiku, ndiye yuniti iliyonse idutse m'batire, chida chodula kwambiri ndiponso chimene chimatha. Shopu imagwira ntchito masana, magetsi amachoka pa panelo kupita pa rod, batire imangothandiza pa kukoka kwadzidzidzi kuja. Komanso wowotcherera sawotcha tsiku lonse. Muyeza, mudula, mugwirizitsa, mugogoda zinyalala za rod, mucheza ndi kasitomala. Moto weniweni pa tsiku mwina ola limodzi ndi theka. Amenewo ndi mayuniti 4, kuphatikiza grinder ndi drill tinene 5. Jenereta nthawi yonse mukuyeza ndi kuchezayo imakhala ikungolira n'kumamwa petulo.

Bambo a Tadala (Dowa): Apo mwalasa. Mwana amene amandithandiza ndimachita kumukalipira kuti azizimitsa tikamayeza, koma kuliza kawirikawiri chingwe chimaduka. Ndiye mukuti ndiyambire pati ndi ndalama yochepayi?

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Choyamba kugula si panelo ayi. Gulani makina owotcherera a inveta, a 160A kapena 200A. Pa rod yomweyo amadya magetsi ochepa kuposa bokosi lanulo, ndipo sakoka mwankhanza poyamba. Petulo muyamba kupulumutsa sabata yomweyo. Mungoonetsetsa kuti jenereta yanu ili ndi AVR, kachipangizo kokhazikitsa voteji, chifukwa voteji yodumphadumpha imaotcha makina amenewa. A transifomawo asungeni a ntchito zolemera pa jenereta.

Kenako inveta. Gulani ya 48V ya 5kW, ya pure sine wave (yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM), yokhala ndi kontirola ya mapanelo ya MPPT mkati ndi polowetsa jenereta. Musagule yaing'ono kuti mudzasintha, mudzagula kawiri. Werengani pa chikwangwani chake voteji ya mapanelo imene imayambira. Zambiri za mtundu umenewu zimafuna 120V kupita m'mwamba, pamene panelo imodzi ya 550W imagwira ntchito pa 41V kapena 42V. Atatu angangofika pamalire, ndiye mufunika mapanelo osachepera 4 olumikizidwa mondondozana kuti idzuke bwino. Yambani ndi 4, chaka chamawa muwonjezere 2. Mapanelo 6 ndi 3300W pa pepala, masana enieni muziona 2500W, pa tsiku labwino mayuniti 12. Shopu, nyumba, filiji, n'kutsalako otchajitsa mafoni a anthu pa msikapo.

Batire ndi pamene mutu umapweteka. Lithium ya 48V 100Ah imasunga mayuniti 5, mukhoza kumwa 4 kapena kuposa tsiku lililonse kwa zaka zambiri. Kuti mupeze omwewo pa asidi mufunika mabatire 4 a 200Ah, ndipo mudzawasintha lithium ija ikadali moyo. Ngati ndalama yakana, yambani ndi a asidi 4 ofanana, ogulidwa tsiku limodzi, muziwotcherera kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko basi. Osasakaniza yakale ndi yatsopano, yakale imakokera inzake kumanda.

Achimwene a ku Joni: Ndipo panelo ya 550W ija pa 12V akanakupatsani ndi kakontirola ka buluu kotchipa kaja ka PWM, eti?

Bambo a Tadala (Dowa): Komweko, kali ndi poika USB.

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Kameneko kamakokera panelo pa voteji ya batire. Ma amp 13 kuchulukitsa ndi 14V, simufika ngakhale 200W. Mwalipira 550W, mukudya 180W.

Mayi a Chifundo (Thyolo): Nanga zabodzazi tizizizindikira bwanji? M'mashopu ena kapanelo kang'onong'ono kalembedwa 300W.

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Pitani ndi tepi. Panelo zamakono zimapereka pafupifupi 200W pa sikweya mita imodzi, zabwino kwambiri kupitirira pang'ono. Ya 550W yeniyeni ndi yaitali mamita 2.2 ndi kanthu, m'lifupi mita imodzi ndi masentimita 13, yolemera makilogalamu 27 kapena 28, munthu mmodzi amavutika nayo. Kapanelo ka theka la sikweya mita kolembedwa 300W ndi ka 100W kovala yunifolomu ya abwana ake. Batire ya asidi ikwezeni pa sikelo. Ya 100Ah yeniyeni imalemera makilogalamu 28 mpaka 30, ya 200Ah cha m'ma 55 mpaka 60. Mtovu sungabisike, ikapepuka ndiye kuti mulibe. Ndipo funsani lisiti yolembedwa waranti. Wokana kulemba mukudziwa kale chifukwa chake.

Aphunzitsi a Sayansi (Kasungu): Poika, mapanelo ayang'ane kumpoto, poti ife tili kummwera kwa equator. Apendeke madigiri 15 kapena pafupi ndi apo kuti mvula izitsuka fumbi. Mthunzi ndi mdani wamkulu. Mapanelo olumikizidwa mondondozana, nthambi imodzi ikaphimba kona ya imodzi, onse amafooka. Muone pamene mthunzi wa mtengo umafika mu June, osati mu December, chifukwa mu June dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo mithunzi imatalika.

Makaniko wa ku Mchesi: Ndi akuba musaiwale. Koma apa ndiye mwini wake ndi wowotcherera, felemu apanga yekha, mabawuti awotcherere mitu kkkk.

Bambo a Tadala (Dowa): Imeneyo siyani kwa ine. Wakuba adzabwere ndi grinder yake ndi jenereta yomwe.

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Felemu pangani, koma musawotcherere mapanelo ali pomwepo, ndipo musiye mpata wa chikhatho pakati pa panelo ndi malata kuti mphepo izidutsa, panelo yotentha imapereka zochepa. China chimene ndaona chikupha mainveta m'mashopu ngati yanu ndi fumbi la grinder. Inveta ili ndi mafani okoka mpweya, fumbi lachitsulo limalowa n'kukakhala pa bolodi, tsiku lina mungomva phuu ndi kafungo. Inveta ndi batire zikhale m'chipinda china, kapena kunyumba ngati ili pafupi, ku shopu kupite waya wa 230V wokha. Mu September ndi October muzitsuka mapanelo m'mamawa asanatenthe, madzi ndi kansalu, osati sopo wa ufa.

Za mawaya a mapanelo musachite nokha. Mapanelo 6 mondondozana ndi pafupifupi 300V ya DC, mtundu wa magetsi otuluka m'mapanelo ndi m'mabatire, dzuwa likangotuluka, ndipo DC ikayamba kulumpha moto siizima yokha, inu owotcherera mukudziwa bwino. Pafunika fuyuzi kapena breaker ya DC pa batire ndi pa mapanelo, chotchinga mphezi, ndi ndodo ya earth yokhomedwa pansi polumikiza felemu ndi inveta. Pezani munthu amene ali ndi chiphaso cha MERA, akuonetseni chiphasocho. Alipo achinyamata ambiri anaphunzira za sola kudzera ku TEVETA ndi ku Mzuzu University, simusowa wa kufupi ndi Dowa.

Agogo Opuma pa Ntchito (Mzimba): Ndipo magetsi a ESCOM akadzafika pa msika wanuwo zida zimenezi sizidzatayika. Kumbukirani 2022, namondwe Ana ataononga ku Kapichira dziko linataya pafupifupi 130MW, a m'tauni amene anali ndi mawaya m'nyumba ankagona mu mdima chimodzimodzi ife. Ngakhale magetsi a dziko lonse masiku ano akuthandizidwa ndi dzuwa, ku Salima kuli 60MW, ku Golomoti 20MW ndi mabatire ake.

Bambo a Tadala (Dowa): Zikomo nonse. Turbine ndaisiya, ankolo mundikhululukire. Loweruka ndipita ku Lilongwe ndi tepi, ndikayambe ndi makina owotcherera, ndikafunsenso mitengo ya inveta ya 48V. Ndikajambula zikwangwani zake ndiponye pano musanandilole kulipira.

Ankolo a ku Nyanja (Nkhotakota): Amene akukugulitsaniyo muwauze andiimbire, mwina anditsitsira mtengo poti kasitomala wathawa.

Aphunzitsi a Sayansi (Kasungu): Ankolo, musanagule mangani kaye kachipangizo koyezera mphepo pa nsonga ya mlongoti, muzilemba m'kope m'mawa, masana ndi usiku kuyambira mwera uno mpaka dzinja. Mukapeza mamita 5 kupita m'mwamba ndidzabwera ndi ana a Fomu 4 kudzathandiza kuimika.

Mlimi wa ku Mchinji: Pepani ndalowa mochedwa. Zimene mwakambazi zingayendetse chigayo?

Mmisiri wa Sola (Mzuzu): Cha pa msika chija ayi bambo. Mota yake imakhala ya 15kW kapena kuposa, ya three phase, ndipo polizidwa imakoka kangapo kuposa apo. Zimatheka ndi chipangizo chotchedwa VFD, chimene chimadzutsa mota pang'onopang'ono kuchokera pa mapanelo popanda batire, koma pa 15kW mukukamba za mapanelo a 550W oposa 35, ndipo muzigaya masana okhaokha. Zilipo zigayo zing'onozing'ono za 2kW kapena 3kW zopangidwira sola, zimagaya pang'onopang'ono. Ndiuzeni kaye matumba angati mumagaya pa tsiku nthawi yokolola, ndi mota imene muli nayo ngati ilipo, mujambule kachitsulo kolembedwa manambala kali pambali pake.